Chindapusa cha R500 chifukwa chotsuka galimoto pakhomo

Bambo a Tadala, ku Midrand, South Africa: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumakhala m'ma complex ndi m'ma estate, malo a nyumba zambiri mumpanda umodzi. Loweruka m'mawa ndinatsuka galimoto pamalo anga oimikapo, ndi madzi a m'ndowa otunga m'nyumba mwanga, payipi osaigwira n'komwe. Lachiwiri a landilodi anditumizira kalata yochokera kwa agent amene amayendetsa complex yathu. Akuti ndaphwanya lamulo loletsa kutsuka galimoto, ndipo pa akaunti ya nyumba aikapo chindapusa cha R500. A landilodi akuti ndalamayo ndiiphatikize pa lendi ya mwezi uno. M'kalatamo mulinso chithunzi changa nditawerama pa tayala, wina anajambula ali pawindo la pamwamba. Galimoto imeneyi ndi imene ndimadyera, ndimanyamula anthu pa Uber, ndipo wokwera akapeza fumbi amakupatsa nyenyezi zochepa. Ndalama yopitira ku car wash tsiku ndi tsiku ndilibe. Kodi anthuwa ali ndi mphamvu yondilipiritsa chonchi?

Nachisale, ku Randburg: Pepani bambo. Kwathu kuno nakonso zili choncho. Anamata chikwangwani pa geti, mipopi yonse ya panja n'kuimanga ndi maloko. Makiyi ali ndi mnyamata wosamalira maluwa yekha.

Angozo, ku Centurion: Bambo a Tadala, musathamangire kulipira. Ine ndine mmodzi wa ma trustee kwathu kuno, anthu osankhidwa ndi eni nyumba kuti aziyendetsa complex, makalata oterewa amadutsa m'manja mwanga. Ndifunse kaye: mukukhala m'maflati, kapena ndi nyumba yoima payokha pa poloti yake?

Bambo a Tadala: Ndi maflati achimwene, osanjikizana katatu. Ine ndili pansi.

Angozo: Ndiye muli pa sectional title, ndipo amene akulamulira pamenepo ndi body corporate, kutanthauza eni maflati onse pamodzi. Agent uja ndi wantchito wawo chabe. Pa sectional title munthu amagula mkati mwa nyumba mokha, malire ake ndi pakati pa khoma. Msewu, kapinga, masitepe ndi ngalande ndi za onse, ndipo m'ma complex ambiri ngakhale pamene mumati "pamalo anga oimikapo" ndi pa onse, anangokupatsani kuti muziimikapo inu nokha. N'chifukwa chake amatha kupaikira malamulo.

Koma mphamvu yawo ili ndi malire. Lamulo loyendetsera malo amenewa ndi Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016. Boma linalembamo malamulo oyambira a kakhalidwe: za ziweto, zinyalala, koimika galimoto, phokoso ndi zina. Kuletsa kutsuka galimoto mulibe. Ngati kwanuko kuli lamulo lotero, ndiye kuti womanga complex analisiyamo pachiyambi, kapena eni nyumba analiwonjezera pamsonkhano. Kuwonjezera kumafuna mavoti 75 pa 100 aliwonse, kenako lamulolo lipite ku CSOS, ofesi ya boma yoweruza madandaulo a m'ma complex, kuti akalivomereze. Chikwangwani chimene ma trustee anangogwirizana okha n'kumata pa geti si lamulo. Chindapusanso chimafunika chikhale cholembedwa m'malamulomo, pamodzi ndi njira yake: kukuchenjezani, ndi kukupatsani mpata wofotokoza mbali yanu. Munalandirapo chenjezo?

Bambo a Tadala: Ayi ndithu. Iyi ndi kalata yoyamba. Malamulo mukunenawo sindinawaonepo ndi maso anga.

Mayi a Pemphero, ku Parklands, Cape Town: Apa a landilodi anu ali ndi gawo lawo. Rental Housing Act ya 1999 imanena kuti malamulo a pamalo aziphatikizidwa pa pepala la lendi pamene mukusainirana. Kayang'aneni kumapeto kwa pepala lanu. Ngati palibe, awauzeni mwaulemu kuti simunapatsidwe, ndiye mukanadziwa bwanji?

Koma ndinenenso kuti malamulowa sanagwe kumwamba. Ife a ku Cape Town tinaona 2017 ndi 2018. Damu la Theewaterskloof linatsala pang'ono kuuma, mpaka mitengo yakale imene inamira pomanga damulo n'kuonekera. Kuyambira 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, osamba, ophikira, ochapira ndi a kuchimbudzi onse momwemo. Kutsuka galimoto ndi madzi a khonsolo kunaletsedweratu, ngakhale ndi ndowa. Tinkasamba titaimirira m'beseni kuti madziwo tikathire m'chimbudzi. Munthu wa galimoto yonyezimira nthawi imeneyo anthu ankamuyang'ana ndi diso loipa. Ma complex ambiri analemba malamulo awo m'nyengo imeneyo, mvula inabwera, madamu anadzaza, koma malamulo anatsala. Ine sindiwada. Amene anaima pamzere wa madzi ku kasupe wa ku Newlands ndi zigubu amamvetsa.

Bambo a Tadala: Ndikumva mayi, ndipo za madzi sinditsutsa. Ku Johannesburg kuno nakonso mipopi imauma, matanki amabwera. Koma madzi anga ndi a mita yanga, ndimalipira ndekha. Ndowa ziwiri. Mnzanga wa pamwamba akadzaza bafa lake usiku amathera madzi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo palibe womujambula.

Angozo: Pa ndowa muli ndi mfundo. Zoletsa za khonsolo ya Johannesburg zimalimbana kwambiri ndi payipi. Vuto lathu ma trustee limayambira pa mpopi wa panja. Madzi ake amawerengedwa pa mita ya onse ndipo amalowa mu levy, ndalama imene eni nyumba amasonkha mwezi uliwonse, ndiye gogo wopanda galimoto amalipirira munthu amene wasiya payipi ikuthira pansi iye akupaka sopo. Tchingani ndowa ya malita 20 pa payipi yotsegula muone, siitenga mphindi ziwiri. Kulemba lamulo losiyanitsa wa ndowa ndi wa payipi n'kotheka, koma kulilondera n'kovuta, ndiye ambiri amangoletsa zonse. Ndi ulesi, ndipo ndimawauza anzanga choncho.

Madalitso, ku Fourways: Ndilowepo monga munthu amene ntchito yake ndi yomweyi. Ndimagwira pa malo opolisha ndi kukonza penti ya magalimoto, amati detailing. Mwakamba za madzi olowa, koma nkhani yaikulu ndi madzi otuluka. Thovu lija likatsetsereka pa njerwa limalowa mu ngalande ya madzi a mvula. Ngalande imeneyo si suweji. Madzi a kubafa ndi a kukhitchini amapita kukasefedwa, a mu ngalande ya mvula amapita mumtsinje momwe alili. Ku Midrand kwanuko ndiye kuti Jukskei, Jukskei n'kuthira mu Crocodile, mpaka ku damu la Hartbeespoort. Amene munapitako mwaona namasupuni atakuta madzi, yemweyo amene timamuona pa Shire ku Liwonde.

Nachisale: Achimwene, namasupuni wa ku Hartbeespoort akunenepa ndi zonyansa za m'masuweji osweka, aliyense akudziwa. Musatisenzetse ife a ndowa.

Madalitso: Zoona achemwali, suweji ndiye wamkulu, sindikukana. Koma bwerani mudzaone chimene chimachoka pa galimoto imodzi. Mankhwala otsukira marimu mukawapopera amasanduka ofiirira ngati magazi akakumana ndi fumbi la mabuleki, fungo lake la mazira owola, ndipo fumbi limenelo ndi tizitsulo. Mukapopera mankhwala ochotsa girizi mu injini, madzi otsika pansi ndi akuda bii, pamwamba pake pakuyandama oyilo wonyezimira mitundumitundu. Akalowa m'njerwa za pansi zija sachoka, mumatsala ndi banga mpaka njerwazo atazizula. Polishi wa matayala naye amasiya timizere tinayi pamene galimoto inaima, ndipo mvula ikagwa pamaterera. Kuntchito kwathu madzi onse amadutsa kaye mu dzenje lolekanitsa oyilo ndi mchenga asanalowe mu suweji. Pakhomo palibe zimenezo.

Ndiye pali phokoso. Makina opopera madzi mwamphamvu ndi makina opolishira, munthu akayamba 7 koloko Lamulungu amafika nawo masana, chifukwa kupolisha galimoto yonse bwinobwino ndi ntchito ya maola ambiri. Mu flati ya pafupi muli namwino amene wangoweruka ntchito ya usiku. Ine ntchitoyi ndimaikonda, koma sindingaigwirire pansi pa windo la munthu. Chimene bambo a Tadala anachita ndi china, ndowa ndi kansalu. Cholakwika ndi kuika zonsezi m'thumba limodzi.

Chikondi, ku Diepsloot: Akuluakulu, ndilankhuleko ine wamng'ono. Ndimasamalira maluwa mu estate ina, nyumba zikuluzikulu zoima pazokha. Loweruka ndikamaliza ntchito, mabwana ena ankandipatsa ganyu yotsuka magalimoto awo pakhomo pawo. Ndalama imeneyo ndi imene ndinkatumiza pa Mukuru kwa amayi ku Mangochi, ya feteleza ndi fizi ya mlongo wanga. Malipiro a pamwezi amathera lendi ndi thiransipoti. Chaka chatha a bungwe la eni nyumba analemba kuti wantchito asatsukenso galimoto pakhomo, akuti madzi ndi ngalande. Sipanapite nthawi tinaona kampani ina italowa ndi timangolo take ndi yunifolomu, ikutsuka magalimoto omwewo pamakomo omwewo. Alonda pa geti amawalowetsa, ine akandiona ndi ndowa amalemba dzina langa. Magalimoto akutsukidwabe, amene waletsedwa ndine.

Mayi a Pemphero: Mwana wanga, izi zandikhudza. Kampaniyo imagwiritsa ntchito madzi?

Chikondi: Amapopera mankhwala a m'botolo n'kupukuta ndi nsalu, mayi. Madzi ndi pang'ono. Koma nanenso ndikanatha kuphunzira zimenezo akanandiuza. Palibe anandifunsa.

Amalume Gama, ku Kempton Park: Apa ndiye pamene pali nkhani. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, ndagwirapo m'ma estate ngati mlonda, ndipo ndinene mosabisa: madzi ndi chifukwa chimene amalemba, koma chimene ena safuna ndi maonekedwe. Safuna mlendo akalowa aone munthu atapinda buluku, ndowa ili apo, mamati a galimoto atayanikidwa pa kapinga. Amati zimatsitsa mtengo wa nyumba. Ndi anthu omwewo amene amaletsa kuyanika zovala pakhonde. Estate yomweyo ili ndi maiwe osambiramo pafupifupi nyumba iliyonse, kapinga akuthiriridwa usiku wonse, koma ndowa ya Chikondi ndiyo ikumaliza madzi a m'damu la Vaal?

Angozo: Amalume, sindikutsutsani. Ndakhalapo pamisonkhano pamene mawu oti "zikuoneka ngati ku lokeshoni" ananenedwa poyera, ndipo ndinayankha. Koma nkhani ya Chikondi ndi yolimba kuposa ya bambo a Tadala, chifukwa estate yotero si sectional title, ndi HOA, kutanthauza bungwe la eni nyumba. Kumeneko nyumba ndi poloti ndi zako, koma title deed, kalata ya umwini wa nyumba, imakumanga kuti ukhale membala wa bungwe la eni nyumba, ndipo makhoti amaona malamulo a bungwelo ngati mgwirizano umene unalowa wekha. Mu 2019 Supreme Court of Appeal inagamula mlandu wa estate ya Mount Edgecombe ku KwaZulu-Natal. Mwini nyumba wina ankakana zindapusa za liwiro, chifukwa estate inaika malire a makilomita 40 pa ola m'misewu yake. Khoti linati misewuyo ndi ya eni ake, ndipo malamulowo ndi mgwirizano wa pakati pa bungwe ndi mamembala, choncho amagwira ntchito. Kuchokera pamenepo mabungwewa analimba mtima. Chikondi si membala, mawu ake pamsonkhano safika. Amene angalankhule ndi mabwana amene ankamupatsa ganyu. Iwo ndi amene angafunse kuti, ngati vuto ndi madzi, bwanji osalola aliyense wotsuka mopanda payipi, kaya ndi kampani kaya ndi wantchito wa pakhomo?

Madalitso: Chikondi, ndipeze ku inbox. Kutsuka kopanda kutsukuluza si matsenga, ndikuphunzitsa. Mumathira kachivindikiro ka mankhwala m'ndowa ya madzi, mumaviikamo nsalu za microfibre zingapo, mumapukuta chitseko chimodzi ndi nsalu imodzi mukuipinda kuti mbali yakuda isabwererenso pa penti, kenako mumaumitsa ndi nsalu youma. Nsalu yakuda siibwerera m'ndowa. Pansi sipanyowa, mu ngalande simulowa kanthu. Chenjezo ndi limodzi: galimoto ya matope okhuthala, ngati yochokera kumudzi nthawi ya dzinja, musaiyese njira imeneyi, mchenga udzakanda penti. Imeneyo ipite kotsukira. Bambo a Tadala, kwa inu a fumbi la mu tauni njira imeneyi ikukwanirani.

Bambo a Tadala: Zikomo achimwene. Koma kalata ija ikuti kutsuka galimoto kwa mtundu uliwonse. Wojambula uja akandionanso ndi nsalu m'manja adzasiyanitsa?

Angozo: N'chifukwa chake mukufunika mawu enieni a lamulolo, osati a m'kalata. Pemphani malamulo onse a complex, ndi umboni woti anavomerezedwa. Muone ngati akuletsa payipi, madzi a pa mpopi wa onse, kapena kutsuka kulikonse. Lamulo la 2011 lija limanena kuti malamulo a complex akhale oyenera ndipo agwire eni nyumba onse mofanana. Kuletsa munthu kupukuta galimoto yake ndi nsalu yonyowa, pansi osadontha kanthu, n'kovuta kukuikira kumbuyo pamaso pa woweruza wa CSOS.

Anaphiri, ku Texas: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kuno ku America ma HOA ndiye kwawo, ndipo zimene amalume Gama anena n'zoona kunonso. Kwathu kutsuka galimoto yako amalola, koma kukonza injini pakhomo, kusiya galimoto pa jeke, kapena kutsukira anthu ena molipiritsa n'koletsedwa, amati wasandutsa nyumba malo a bizinesi. Malamulowo umapatsidwa mulu wa mapepala pogula nyumba, ndipo ambiri timasaina osawerenga. Chabwino chake ku Texas lamulo la boma limawakakamiza kukulembera kalata yochenjeza ndi kukupatsa mpata wokamveredwa asanakulipiritse, ndipo sangakugulitsire nyumba chifukwa cha ngongole ya zindapusa zokha. Ndikuona kuti kulikonse chimene chimapulumutsa munthu ndi kufunsa kuti ndondomeko inatsatidwa kapena ayi.

Bambo a Tadala: Ndinene chimene chikundiopsa. Lendi yanga ikutha mu Novembala. Ndikayamba kulimbana ndi agent, a landilodi angaone ngati ndine wovuta n'kukana kundiwonjezera nthawi. Malo otetezeka oimikapo galimoto usiku amavuta kupeza. R500 ndi yowawa, koma kusamuka n'kowawa koposa. Mwina ndingolipira.

Nachisale: Ambirife timalipira chifukwa cha mantha omwewo. Ndiye iwo amazolowera.

Mayi a Pemphero: Bambo, simukulimbana ndi a landilodi. Chindapusa chaikidwa pa akaunti yawo, ndiye nawonso chawakhudza. Alankhuleni ngati munthu amene mukuwathandiza: "Bwana, ndisanapereke, tafunsani agent atitumizire lamulolo ndi chenjezo limene anapereka, kuti mawa zisadzachitikenso pa nyumba yanu." Palibe landilodi amene angakwiye ndi mawu amenewo. Zonse muzilemba pa imelo kapena pa WhatsApp, osati pakamwa pokha. Lendi yanu perekani yonse pa tsiku lake, musaisakanize ndi nkhaniyi. Zikavuta pakati pa inu ndi iwo, Rental Housing Tribunal ya ku Gauteng imamva madandaulo a lendi kwaulere.

Angozo: Ndiwonjezere kuti ku CSOS wochita lendi nayenso amaloledwa kudandaula, si eni nyumba okha. Amafuna muonetse kuti munayesa kaye kukambirana ndi ma trustee. Kenako amakuitanani kuti mugwirizane, zikakanika woweruza amagamula, ndipo chigamulo chake chimatha kukakamizidwa ngati cha khoti. Ofesiyi timailipira tonse, mu levy ya mwezi uliwonse muli kagawo kake kosapitirira R40, ndipo a landilodi anu ndalama imeneyo amaitenga mu lendi yanu yomweyo.

Amalume Gama: Zonsezi n'zabwino, koma mukuchiza munthu mmodzi. Mawa wina ajambulidwanso. Complex ya mabanja ochuluka chonchi, magalimoto ali mbwee, ilibe malo amodzi otsukirapo?

Angozo: Kwathu tinachita zimenezo. Tinatenga malo amodzi oimikapo alendo, a pakona kutali ndi mawindo, tinaika mpopi wa mita yakeyake ndi payipi ya mfuti yodzitseka yokha ukaisiya. Madzi otuluka ndiwo anatidyera ndalama, chifukwa pulambala anayenera kuika dzenje logwira oyilo ndi mchenga, ndipo kulumikiza ku suweji kumafuna chilolezo cha khonsolo. Kutsuka injini tinaletsa, makina aphokoso tinawaikira maola. Khonsolo ikalengeza zoletsa madzi, mpopiwo timatseka. Eni nyumba ena anakana poyamba, ankati alendo aziimika kuti, koma atamva kuti madzi a pamenepo azilipira ndi wotsukayo anavomera.

Chikondi: Nanga pamalo oterowo wantchito ngati ine amaloledwa kutsukira bwana wake?

Angozo: Kwathu inde, tinalemba momveka kuti mwini galimoto kapena amene wamutuma. Mawu amenewo ndinachita kuwamenyera, chifukwa pepala loyamba linkati mwini galimoto yekha.

Nachisale: Ife a lendi tingayambitse bwanji zotere pamene sitivota?

Angozo: Njira zilipo ziwiri, achemwali. Landilodi angathe kukulemberani kalata ya proxy kuti mukavote m'malo mwake pamsonkhano waukulu wa pachaka. Ambiri a iwo sapita n'komwe kumisonkhano, amakhala kutali, ndipo amasangalala wina akawapitira. Kungoti munthu mmodzi saloledwa kuimira eni nyumba oposa awiri, ndiye muyenera kukhala angapo, aliyense ndi landilodi wake. Yachiwiri, malamulo oyambira a boma amalola munthu amene si mwini nyumba kusankhidwa kukhala trustee, ndiye wa lendi angathe kulowa ngati mwini nyumba wina wamutchula ndipo anthu amuvotera. Kusintha lamulo kumafuna kuti eni nyumba adziwitsidwe masiku 30 msonkhano usanachitike, ndi mawu enieni a lamulo latsopanolo, choncho musadikire tsiku la msonkhano n'kukaimika dzanja. Funsani agent kuti msonkhano wa chaka chino uli liti, muwerenge chobwerera m'mbuyo.

Nachisale: Wathu umakhala mu Okutobala. Pa mzere wathu tilipo a lendi anayi amene tili ndi magalimoto. Angozo, mungatitumizireko mawu amene munalemba kwanuko kuti tionereko?

Angozo: Nditumiza madzulo ano ndikafika kunyumba. Koma musakakopere ndendende. Yendani kaye mu complex yanu muone kumene ngalande ya mvula ikulowera ndi kumene kuli chivindikiro cha suweji, chifukwa funso loyamba la ma trustee lidzakhala la mtengo wa pulambala, ndipo mtengowo umadalira kutalika kwa mapaipi kuchokera pamalo otsukirapo kukafika pa suweji.